Nkhope ya Amayi Pansi pa Nsalu

"Ndione pang'ono chabe, mwanawe," anatero atelala ataima pakhomo la chipinda, tepi yoyezera ili m'khosi.

Mwana wawo wamkazi anavundikira pepala ndi nsalu mwachangu, ngati wapezeredwa akunyambita shuga. "Ayi, Ababa. Sichinathe."

"Kodi chidzatha mano onsewa ataguluka?"

"Chikatha ndidzakuitanani ndine."

Atelala anaseka, napukusa mutu, nabwerera ku makina awo osokera.

Mtsikanayu pakhomopo ankamutcha Chidodo, ndipo dzinalo linamukhala. Kudya ankamaliza ena atatsuka kale mbale. Koma chidodo chenicheni chinkaoneka akagwira mapensulo ake amitundumitundu. Ankasongola iliyonse ndi lezala mpaka nsonga kukhala ngati singano. Popaka ankayamba ndi mtundu wowala, mopepuka kwambiri, kenako n'kusanjikiza wina pamwamba pake, wina pamwamba pa winawo, mpaka khungu la munthu wapapepala kuoneka ngati lingatuluke thukuta. Pansi pa dzanja ankayalapo kapepala kuti asadetse ntchito yake, ndipo fumbi la pensulo ankachita kuliuzira. Wina akangoyandikitsa chala, Chidodo ankakuwa ngati wapondedwa.

Analinso ndi lamulo lake: ntchito yosatha saonetsa munthu. Anzake akusukulu anamusekapo tsiku lina ataona nkhope yomwe anali atangoiyamba, amvekere akujambula kadzidzi. Kuyambira pamenepo chojambula chilichonse chinkagona pansi pa nsalu mpaka chitatha.

Tsono ichi sichinali chojambula wamba. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo m'nyumba monse munatsala kachithunzi kawo kamodzi kokha, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kopanda mitundu, kofufuma ndi madzi odontha kudenga. Atelala ndiwo anapempha ntchitoyo.

"Undijambulire amayi ako, aoneke monga analili," anatero. "Uwaveke diresi lija ndinawasokera tisanakwatirane. Lobiriwira, la timadontho tachikasu ndi kolala yozungulira. Ndikufuna ndiwaonenso kamodzi."

Mwezi unatha Chidodo ali pa tsitsi lokha. Wina unathera pa khosi ndi makutu. Akaweruka kusukulu ankangoponya chikwama pabedi, n'kukhala pa tebulo lake lapawindo mpaka dzuwa kupendeka. Kuseri kwa khoma makina a bambo ake ankalira, ndipo iye ankapaka motsatira kulirako.

Kenako makinawo anayamba kumaimaima.

"Chidodo, tabwera undilowetsere ulusi. Singano za masiku ano tizibowo take n'tachipongwe."

Analowetsa ulusiwo, n'kuthamangira ku ntchito yake. Mawa lake anamuitananso. Sabata yotsatira mayi wina anabweza siketi yake yabuluu akulalata, chifukwa atelala anaisoka ndi ulusi wakuda. Kuchipatala anati matenda a shuga afika m'maso mwa atelala. Azakhali ake a Chidodo, alongo awo a atelala, anabwera ndi chikwama chawo kudzakhala nawo.

Azakhaliwo sankadziwa kuzungulira nkhani. Tsiku lina analowa m'chipindamo osagogoda.

"Iwe, kawaonetse bambo ako chinthucho."

"Sichinathe, Azakhali."

"Chatsala chiyani?"

"Timadontho ta diresi. Ndi maso. Maso ndimamalizira."

"Timadontho! Munthu akugunda mipando m'nyumba mwake momwe, iwe uli pa timadontho? Ukuganiza kuti maso awo akudikira iwe?"

Chidodo anamva, koma mantha ake anali kwina. Ankaopa kuti bambo ake akaona nkhope yopanda maso, mabowo awiri oyera okhaokha, adzakhumudwa, ndipo chimenecho n'chimene chidzawatsalire m'mutu. Ankafuna adzaone chinthu changwiro. Choncho m'malo mochotsa nsalu anaonjeza khama. Kadontho kalikonse ankakazunguliza ndi chikasu chowala, n'kukapatsa kamthunzi kake, n'kukatsindika mpaka kusalala.

Madzulo ena atelala anabweranso pakhomo paja, dzanja lili pakhoma. Ulendo uno sanaseke.

"Mwanawe, ngakhale chibwano chokha. Kwinako ubise."

Chidodo anayang'ana pa tebulo. Dzanja lake linafika pa nsalu, n'kuima.

"Loweruka, Ababa. Ndikulonjeza. Mudzachione chonse pamodzi."

"Chabwino, mayi. Loweruka."

Loweruka linafika diso limodzi litatha, linalo likukana. Likakhala bwino m'mbali, linkalakwika pakati, ndipo pensulo yamtundu ikalowerera m'pepala sifufutika bwinobwino. Anafunika kukonza pang'onopang'ono, kuphimba cholakwa ndi mtundu wina. Loweruka linanso linadutsa. Atelala sanafunsenso, ndipo Chidodo anayesa kuti akungomulezera mtima.

Tsiku lomwe anamaliza kunali dzuwa labwino. Anasiya kadontho koyera m'diso lililonse, anauzira fumbi, n'kuimirira. Amayi ake anamuyang'ana kuchokera papepala, ali mu diresi lawo lobiriwira. Ananyamula pepalalo m'mbali ndi manja awiri, kuyenda ngati wasenza madzi odzaza.

Anapeza bambo ake atakhala pafupi ndi windo. Kusoka anali atasiya, koma makina ankawathirabe mafuta tsiku lililonse, mopapasa, kuti asachite dzimbiri. Azakhali anali pambali akupinda zovala.

"Ababa, chatha."

"Chatha? Ha! Bwera nacho."

Anapukuta manja pa thalauza, nalandira pepalalo. Analitembenuza kuti liyang'ane kuwindo, naliyandikitsa kumaso. Nkhope yawo inawala.

"Ndi iwowa! Ndi iwo ndithu. Taona kumwetulirako. Mwanawe, manja ako ndi odala."

Azakhali anagwira pakamwa, natuluka mofulumira. Chithunzicho bambo ake anachigwira chozondotsa, mutu wa amayi uli pansi, diresi lili m'mwamba.

"Ababa," anatero Chidodo, "mukuona chiyani?"

Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono.

"Kuwala kokha, mwanawe. Ndimadziwa kumene kuli windo, basi."

"Chiyambire liti?"

"Tsiku lija ndinapempha chibwano, diso lamanzere linkayesetsabe. Sindinafune kukuthamangitsa. Ntchito yothamangitsidwa ndimaidziwa, imatuluka yokhota."

Chidodo anagwada pansi n'kulira ngati kamwana. Analira chifukwa cha timadontho tonse tija, ndi nsalu ija, ndi Loweruka lomwe analonjeza. Miyezi yonseyi amayi ake anali m'chipinda choyandikana, khoma limodzi lokha pakati, ndipo amene anatseka khomo anali iye. Bambo ake anapapasa mpaka kupeza mutu wake, namusisita.

"Basi, basi. Ungandinyowetsere akazi anga ndi misozi."

Chidodo atapukuta maso anatenga pepalalo, nalitembenuza bwino, naliyala pa maondo a bambo ake. Kenako anagwira chala chawo chamkombaphala.

"Iwe, manjawa ali ndi mafuta a makina," anatero atelala akubweza dzanja. "Ndidetsa."

"Detsani, Ababa."

Anachiyendetsa chalacho pang'onopang'ono, monga momwe ankayendetsera pensulo. "Apa ndi tsitsi. Ili ndi khutu. Maso ali apa, akuyang'ana inu. Ichi ndi chibwano chija munkafuna."

Chala chitafika pa diresi, atelala anaima. Pomwe Chidodo anatsindika kwambiri pepala linali losalala, timaenje ting'onoting'ono tondondozana.

"Timadontho," ananong'ona. "Tikumveka. Tachikasu, eti?"

"Tachikasu, Ababa."

"Kolala unaipanga yozungulira?"

"Yozungulira, monga munanenera."

"Inandivuta kolala imeneyo. Ndinaisoka kawiri." Chala chawo chinakweranso chokha mpaka pa tsaya, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali.

Atachotsa dzanja, pa tsaya la amayi panatsala banga lakuda, lozungulira ngati nsonga ya chala. Azakhali atabwerera analiona, natenga labala yofufutira pa tebulo la Chidodo.

"Mwina lingachoke ukayesa msanga, lisanalowerere."

Chidodo anayang'ana bangalo, nayang'ana bambo ake. Analandira labalayo n'kuiika m'thumba.

"Lisiyeni, Azakhali," anatero. "Pamenepo ndi pomwe Ababa anaonera."