Zidendene Paphula

"Tsikani, bambo a mwana! Musaboole pamenepo!"

Make mwana anali pamwamba pa makwerero. Mwamuna wake, mmisiri wa madenga, anali atagwada padenga lawo lafulati, mpeni kumanja, ndowa ya phula lowira pambali. Sanacheuke n'komwe.

Matalala anagwa dzulo lake masana, siling'i n'kuyamba kudontha pabedi penipeni pa mwana. Dengalo anamata yekha bamboyo: phula, nsalu, phula, nsalu, timiyala pamwamba. Ankakonda kunena kuti matalala amasiya timaenje tomwazikana chisawawa, ndipo ukadina ndi chala pakafewa, ndiye kuti nsalu yapansi yang'ambika.

Koma timaenje ta lero tinali pamzere. Tiwiritiwiri, kuchokera pakona mpaka pamene pankadonthapo. Zidendene za munthu. Ndiye mwana anadzuka ndi mabala akuda ozungulira pachifuwa, akupuma mobanika, ngati mmene anachitira mkulu wake chaka chatha asanamwalire. Nthawi imeneyonso kunagwa matalala.

Pothera pa mzerewo phula linali litatupa chithuza chachikulu.

"Chikupumatu icho," make mwana ananong'ona.

"Ndi madzi, mayi iwe. Ndiboole, ndiumitse, ndimate chigamba, basi. Kapena ukufuna ugone ndi ambulera?"

Anabaya. Sanatuluke madzi. Anatuluka magazi, bii, onunkha ngati nyama yoola. Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka mkuwo wa munthu wamkulu.

Make mwana anachita kudumpha makwerero. Mwana anali atamusiya ndi alamu ake, achemwali a bamboyo, amene ankakhala nawo pakhomopo. Anawapeza ali pansi kuchipinda, chidendene chitang'ambika pakati, magazi ali thapsa pasimenti. Mwanayo anali atamupana pachifuwa pawo, kankhope kake katayamba kuda.

"Alamu, ndipatseni mwana."

"Wagona. Usamudzutse." Anamwetulira. "Mkulu wake uja sanavute chonchi."

Make mwana anawagwera. Anawaluma pamkono mpaka mano kugunda fupa, iwo n'kumukanda kumaso, n'kumumenyetsa mutu kukhoma. Make mwana anatola chitsulo chositira, phaa, paphewa pa alamuwo! Iwo osamusiya mwana.

"Thirani phula!" anakuwa moyang'ana kudenga. "Thirani pomwepo!"

Kumwamba kunamveka ndowa ikupendekeka. Phazi la alamu linayamba kufuka utsi, khungu likuthetheka ngati mafuta pamoto. Anakuwa, manja anamasuka. Anatuluka chokwawa, akukoka mwendo, mpaka kuseri kwa mpanda.

Bamboyo analowa, magazi mpaka m'zigongono.

"Achemwali ali kuti?"

"Gwetsani makwerero. Msanga."

Bamboyo atabwerera, make mwana anakhoma chitseko, n'kutsamiritsapo tebulo. Siling'i inali itasiya kudontha. Padenga timiyala tinalira: phazi limodzi, kenako chinthu chokokedwa, phazi limodzinso.

Make mwana anayamba kuwerenga: anagwira bamboyo. Anadzigwira yekha. Anaika khutu pachifuwa cha mwana, n'kudikira mpaka chinakwera.

"Atatu," ananong'ona. Anawerenganso. Atatu.