Kachewere wa m'Botolo

Tisungane anatsika minibasi pa Tsangano Tenofu atakumbatira katoni ngati khanda. Kunali chifunga ndi kamphepo kolasa mpaka m'mafupa. M'katonimo munali timabotolo, ndipo m'botolo lililonse munali kambewu ka kachewere kosaposa chala.

"Asisi, mwanyamula mazira kapena mankhwala?" anafunsa mnyamata wamtali amene ankamanga thumba panjinga yamoto.

"Ndi kachewere."

"Kachewere wa m'botolo? Ine Dyton ndakulira m'mizere, koma izi ndiye sindinazionepo!"

Tisungane, mwana wa ku Kandeu, ankagwira ntchito mu labotale ina ku Lilongwe. Tsikulo ankafuna mlimi woti ayese mbewu yakeyo m'munda. Dyton anati munda ali nawo, waukulu ndithu, kumtunda chakumalire. Anamukweza panjinga, ulendo unayambika.

Ali m'njira, mtsikanayo anafotokoza za ntchito yake.

"Timadula kachidutswa ka tsamba n'kukaika m'botolo. Maselo ake, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, poyamba amangochulukana osadziwa chomwe adzakhale. Kenako ena amasankha kukhala mizu, ena tsinde. Ine ndimafufuza chimene chimawasankhitsa. Si chinthu chimodzi ayi, ndi zambirimbiri zokokanakokana, moti timachita kuzilondola pakompyuta."

"Nanga akasankha, amatha kubwerera?"

"Pali malo ena akadutsapo, kubwerera kumavuta."

"Ndiye mtima wanga wadutsa pamenepo lero lomwe."

Mawu otere mtsikana wophunzira amayenera kuwaseka. Tisungane anawasekadi, koma nambala anapereka!

Mauthenga anayamba kugwa pafoni ngati mvula ya Januwale.

"Duwa langa, kachewere wako wamera. Ndikamuona ndimaona iwe."

"Wadya, mtima wanga? Kuno kukuzizira, bulangete likulephera ntchito."

"Tisu, sindidzakuliritsa. Ndikadzatero dzanja langali lidzafote."

Ndani akanalimba mtima? Tisungane ankawerenga mauthengawa akumwetulira yekha pakati pa mabotolo, anzake n'kumatsinana. Mwezi ndi mwezi ankapita ku Tsangano kukadula masamba oti akapime. Dyton ankamuchingamira patenofu, kupita naye kumunda, kenako kukadya tchipisi pamsika. Kunyumba sankafikako.

"Amayi ali ku Mlangeni, kuno ndimangogona m'kachisakasa. Ndingakulowetse mmenemo iwe mfumukazi?" ankatero Dyton.

Tsiku lina mayi Regina, mkulu wa labotale, anamuitana ali ndi chimwemwe. Kunapezeka malo amodzi okapitiriza maphunziro kunja, zaka zingapo, pa kafukufuku yemweyu wa maselo. Izi n'zimene Tisungane ankalota chiyambire sukulu. Anaimbira Dyton.

"Ukapita ine ndifa," anatero Dyton mawu ali ziii. "Kana, wokondedwa. Tikangokolola ndituma amalume ku Kandeu, tichite chinkhoswe. Ndalumbira!"

Tisungane analira, anapemphera, kenako anakana.

"Mwana iwe, waganiza bwino?" anafunsa mayi Regina. "Malo amenewa akapita kwa wina sabweranso."

"Ndaganiza, mayi."

Malo aja anaperekedwa kwa mnzake Gracian, ndipo sipanapite nthawi anakwera ndege. Zinamupweteka Tisungane, koma ankadzitonthoza kuti watsalira chinthu choposa sukulu.

Kachewere atayamba maluwa, panafunika kudula masamba msanga. Foni ya Dyton sinkapezeka, choncho Tisungane anangonyamuka. Njira ankaidziwa. Atafika anapeza mayi wina akukwezera mizere, mwana ali kumbuyo.

"Takulandirani!" anatero mayiyo akuika khasu pansi. "Ndinu adokotala a kachewere aja eti? Bambo a Chisomo amakutchulani kawirikawiri."

"Bambo a Chisomo ndi ndani?"

"A Dyton, amuna anga. Ine ndine Zelesi. Munda uno anandisiyira ndi amayi anga, iwowo anachita kubwera chikamwini kuchokera ku Mlangeni."

Ku Mlangeni! Iye Tisungane, wobadwira ku Kandeu, wodziwa bwino kuti kwawoko munda umayenda ndi mbumba, analephera bwanji kudzifunsa kuti mwamuna amene mayi ake ali ku Mlangeni akulima dothi la yani ku Tsangano? Ankatha kulondola zochitika m'kati mwa selo, koma funso loti ngakhale mwana akanafunsa linamudutsa. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo.

"Mbewu yanuyi ndi yabwino zedi, matenda sakuigwira," anapitiriza Zelesi. "Chaka chino ana adya. Mulungu akudalitseni."

Nthawi yomweyo Dyton anatulukira atabereka sipuleya yopopera mankhwala. Anaima ngati wapondedwa ndi ng'ombe, kenako anavula chipewa.

"Mwafika bwanji, madamu?"

Madamu! Duwa lija lero lasanduka madamu? Tisungane anayang'ana Zelesi, anayang'ana kamwana kamene kanali ndi mphumi ya Dyton yeniyeni. Mayiyu analakwa chiyani? Anatulutsa lumo, anadula masamba ake mwakachetechete, misozi ikugwera m'mizere. Zelesi anayesa kuti ndi mphepo.

"Aperekezeni alendo, bambo a Chisomo, chifungachi angasochere," anatero.

Anayenda mpaka munda unabisika.

"Tisu, duwa langa, ndimvere. Ndimafuna ndikuuze tikakolola."

"Usanditchule choncho! Amalume ako aja amakanena chiyani ku Kandeu? Kuti uli ndi munda?"

"Ndimakukonda, Mulungu ndi mboni."

"Dyton, ndinakana sukulu. Malo anga anatenga wina, anapita kale. Ndinakana chifukwa iwe unati ndikane!"

Dyton anakanda m'mutu, maso ali pansi, phazi likukumba dothi.

"Zija ndinkangolankhula monga mmene mwamuna amalankhulira," anatero chapansipansi. "Sindinkadziwa kuti ungakanedi."

Tisungane anamuyang'anitsitsa. Kumunda kuja mwana anayamba kulira, ndipo Dyton anacheuka, n'kubwerera.