Kabawi Aulula Mkamwini

Kabawi ankadutsa pamwamba pa dambo m'mawa uliwonse, ngakhale panalibe amene anamuonapo ndi maso. Anali setilaiti yoponya mafunde pansi, mafundewo n'kubwerera atanyamula nkhani za nthaka: pouma, ponyowa, polimidwa ndi pogonera. Mitambo sinkamutchinga. Mlimi ankangofunsa pafoni, Kabawi n'kuyankha ngati mlangizi.

Mayi Nangondo ankamukhulupirira kuposa abusa a kumpingo kwawo. Tsono tsiku limene anatsimikiza zothamangitsa mkamwini wawo Gelesomu, mboni anasankha yomweyo. Mchimwene wawo, a Mponda, amene anali nkhoswe, anakhala pakhonde. Gelesomu anakhala kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Mkazi wake Tinenenji ankangosisima pakhomo, chifukwa mwamuna wakeyo ankamukonda.

"Achimwene, munthu uyu ndi mlesi," anatero Nangondo. "Mwana wanga adya chiyani? Ine nkhalamba yodwala msana ndinalembetsa makina olimira a kalabu ya alimi, dimba langa lili mbee. Iyeyu wamphamvu zake, lake thengo lokhalokha. Azipita kwawo!"

Anaika foni pamphasa. "Kabawi, tauza anthuwa za dimba la Gelesomu."

"Lalimidwa theka lokha, mayi."

"Mwamva nokha! Nanga langa?" Apa ankangofuna kudzitama basi.

"Lanu lalimidwa lonse, koma ndi khasu. Makina sanafikeko chaka chino, chifukwa nthaka yanyowa kwambiri, akanatitimira. Kulimako kumayambira kumalire ndi dimba la a Gelesomu, ndipo kumachitika masiku amene inu mumapita kuchipatala."

A Mponda anatsokomola, n'kutembenukira kunkhokwe.

"Akamwini, zoona zimenezi?"

"Zoona, amalume," anayankha mawu otsika. "Ndinaopa kuti mayi akamva zoti makina akana, agwira okha khasu ndi msana umenewu. Mayiwa mukuwadziwa inu, samva zokhala pansi. Nanga ndikanawauza bwanji? Langalo ndimati ndimaliza pambuyo."

Nangondo anachita manyazi osaneneka. Miyezi yonseyi ankayamikira chitsulo pamaso pa anzawo kuchigayo, uku akunyoza mwana wa eni amene ankawathyokera msana. Anamva chisoni, komanso anamukonda mnyamatayo kwambiri, moti misozi inalengeza. Koma pakamwa pawo sipanazolowere kupepesa, choncho anakalipira foni.

"Iwe Kabawi, wamiseche iwe! Ndani anakufunsa zonsezo?"

Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Tinenenji, tasiya kulira, kagwire tambala wamkulu uja. Ndipo uwauze bambo ali kuseriwo kuti asunthire kuno pamthunzi. Dzuwa lawaotcha kokwanira m'dimba mwanga."

Gelesomu anatuluka atawerama, chipewa chili m'manja, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa.

Anthu anatumiza diso kumwamba kuti liziwauza za nthaka, osadziwa kuti tsiku lina lidzawaonetsa munthu amene akhala naye pakhomo pomwepo.