Zala Zakuda Pa Chitseko

Mayi Simbi anaziona m'mawa akutuluka ndi beseni la zovala za anthu. Pa chitseko, cha mkati, panali zala zinayi zakuda bii, ngati wina anagwirapo kuti asagwe. Anaika beseni pansi n'kununkhiza. Zinkamveka fungo la chinthu chopserera. Anapukuta ndi sanza n'kupitiriza ntchito, chifukwa munthu wochapa ndi kusita zovala za eni ake alibe nthawi yodabwa ndi zitseko.

Dzina la Simbi anamupatsa ndi anzake a pa mdadada wa nyumba za lendizo. M'nyumba yake munali anthu anayi: iyeyo, mwamuna wake wogwira ntchito usiku kophika buledi, khanda lawo, ndi apongozi ake aamuna, makaniko wopuma ntchito amene aliyense ankawatchula kuti a Sipanala. Mkuluyu anabwera kudzakhala nawo akazi awo atamwalira, ndipo ankagona pabalaza kuseri kwa katani. Anali munthu wa nthabwala. Amati mpongozi wawo amasita mpaka mthunzi wa malaya.

Koma masiku amenewo nthabwala zinali zitatha. Ankavala malaya aatali manja ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakudya ankatembenukira kukhoma.

Tsiku limene anaona zala zija, bulashi yochapira inasowa. Mayi Simbi anafunafuna m'nyumba monse osaipeza.

Usiku magetsi anazima. Mdima unadzaza chipinda mpaka munthu osaona dzanja lake, ndipo kunja kunali zii, kupatula mpopi wa pabwalo umene unkadontha m'ndowa. Ndiye anamva. Kwee, kwee, kwee. Phokoso louma, lapang'onopang'ono, ngati wina akupala chikopa. Linkasiya, n'kuyambanso. Kenako loko wa chitseko anati kete, mapazi opanda nsapato anakhwekhwereza pa simenti, mphepo yozizira inalowa pansi pa katani. Khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira, likupekesa timapazi take.

“Bambo?” anaitana monong'ona.

Palibe anayankha. Anadzifunditsa pamodzi ndi mwana mpaka tulo tinamuba.

Kutacha, zala zija zinali pa khoma, pa chogwirira cha ketulo, ndi pa neti ya khanda, cha kumutu.

Pa mpopi anakumana ndi mayi wa chipinda chakumapeto, amene anthu ankamutcha Wailesi.

“Anzanga, ine sindinena za anthu,” anayamba Wailesi, akuyang'ana uku ndi uku. “Koma usiku ndinatuluka kukataya madzi. Kuseri kwa bafa kunali chinthu. Chakuda, chonyezimira, chopanda malaya, chikudzipaka za m'chitini uku chikung'ung'udza. Chitatembenuka, nkhope ndi ya apongozi anu.”

“Munaona ndi maso ati mumdima umene uja?”

“Awa omwewa. Nanga mwana wanu akuliriranji usiku wokhawokha?”

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itazungulira mdadada wonse. Ena amati mkuluyo amauluka. Ena amati ndi chifukwa chake akazi awo anafa mwadzidzidzi. Amayi anayamba kuitana ana awo akaona a Sipanala atakhala pakhonde. Madzulo eni nyumba anabwera, naimirira pakhomo osalowa.

“Inu ndilibe nanu mlandu,” anatero. “Koma anthu akuti asamuka. Mdalayu achoke, apo ayi muchoke nonse.”

Mwamuna wa Mayi Simbi anakhala pabedi atagwira mutu. “Mwina tiwatumize kwa achemwali kwa kanthawi,” ananena motsitsa mawu.

“Achemwali anu amene amawawerengera masupuni a shuga? Ndi bambo anu awa!”

“Nanga zala zija? Pa neti ya mwana?”

Kuseri kwa katani kunali chete, koma Mayi Simbi ankadziwa kuti mkuluyo wamva zonse.

Usiku umenewo sanagone. Mwamuna atapita kuntchito, anakhala tsonga mumdima, foni kudzanja ili, simbi yozizira kudzanja linalo. Mawailesi a anthu anazima imodzi imodzi. Galu anauwa kutali n'kusiya. Ndiye phokoso lija linayamba, kwee, kwee, kwee, tsopano lofulumira, ndi kupuma kwa munthu amene akuluma mano kuti asabuule. Katani inagwedezeka. Mthunzi unaima pakhomo la chipinda, cha pa neti ya mwana, nthawi yaitali osasuntha. Mthunziwo unausa moyo, n'kutembenuka, n'kutuluka panja.

Mayi Simbi anautsatira osavala nsapato. Simenti inali yozizira, zingwe zoyanikira zinkamukhudza kumaso. Kuseri kwa bafa chinthu chija chinali chitanjuta, msana ukunyezimira. Anayatsa tochi ya foni.

Anali a Sipanala, opanda malaya, mikono ndi mimba zili bii. Pambali pawo panali chitini cha oyilo wakutha wa galimoto, ndipo m'manja munali bulashi yake yochapira.

“Mayi,” anatero mkuluyo, akudziphimba ndi manja, “zimitsani. Musandione chonchi.”

“Bambo, mukutani?”

“Chikundidya. Masana chimagona, usiku chimadzuka. Ndikakanda mpaka magazi, osasiya.”

Mantha onse anathera pomwepo, m'malo mwake munabwera ukali wa munthu amene wataya tulo pachabe. Anaika simbi pansi. “Tambasulani zala.”

Anapukuta oyilo ndi nsonga ya nsalu yake n'kuunika. Pakati pa zala panali timatuza ndi timizere topyapyala tokhotakhota, ngati wina walemba ndi singano. Pamfundo za manja chimodzimodzi, m'zigongono, ndi m'chiuno modutsa lamba.

“Mphere izi, bambo. Mphere basi! Mwatenga kuti?”

“Muja ndinkadwazika mnzanga wa kugalaja kuchipatala. Ndinafunda bulangete lobwereka. Zinayamba patapita milungu.”

“Ndiye oyiloyu?”

“Kugalaja bawuti ikachita dzimbiri timathira oyilo. Ndimati tizilomboto tibanika.”

“Ndinu bawuti inu? Khungu lapsa ili! Osandiuza bwanji?”

Mkuluyo anayang'ana pansi. “Inu mumadyera ukhondo, mayi. Anthu akamva kuti kwa wochapa kuli mphere, abweretsanso malaya ndani? Ndinati bola azinditcha mfiti, ndichoke ndekha, ntchito yanu itsale. Koma mwanayu akamalira ndimadziwa kuti ndine ndamupatsira ndisanazindikire. Ndimangoima n'kumamuyang'ana.”

Mayi Simbi anapukuta m'maso ndi mkono. “Mfiti yoopa mphere sindinaionepo. Dzukani, nditereke madzi.”

Anawapatsa sopo ndi madzi ofunda kuti achotse oyilo yense. Kukucha anathyola masamba a nimu kumpanda, nawawiritsa, nawasiya kuti azizire, kuti mkuluyo asambe kuyabwa kuchepe. Anawawenga zikhadabo ngati mwana wa sukulu, iwo akudandaula kuti makaniko wopanda zikhadabo satola tizitsulo ting'onoting'ono. Atayang'ana kumapazi kwa khanda anapeza timatuza tomweto, ndipo pa dzanja lake lomwe panali tiwiri. Nimu amangoziziritsa, zimenezo ankazidziwa. Mwamuna atangofika, fungo la buledi lili thoo, anamubweza pakhomo pomwepo.

“Musakhale pansi. Berekani mwana, tikupita kuchipatala tonse. Mankhwala opaka ndi a nyumba yonse tsiku limodzi, woyabwa ndi wosayabwa yemwe.”

Pobwerako anakoleza moto pabwalo n'kutereka mgolo. Mabulangete, mashiti, matawulo, zonse m'madzi otentha. Zouma anazisita mpaka m'misoko. Mapilo ndi jekete zosachapika anazimanga m'matumba a pulasitiki kuti zikhale sabata osatsegula. Zovala za makasitomala anazichapanso padera, ndipo aliyense wobwera kudzatenga ankamuuza zoona. Mmodzi anakwinya nkhope n'kunena kuti sabweranso. Mayi Simbi anangomupatsa malaya ake.

Anthu a pa mdadada anasonkhana chapatali, eni nyumba ali pakati. Mayi Simbi ananyamula chitini chija m'mwamba.

“Ufiti wanu ndi uwu! Oyilo wa galimoto! Apongozi anga ali ndi mphere, mwana wanga ali nazo, inenso ndili nazo. Si matenda a uve, zimagwira aliyense. Amene ana ake akukanda usiku abwere ndimuone zala.”

Wailesi anabisa manja m'khwapa. Wina anaseka, kenako onse. Eni nyumba anakhosomola, n'kunena kuti iwo za ufiti sanazikhulupirirepo, n'kubwerera kwawo mofulumira.

Koma Mayi Simbi atalowa m'nyumba, anapeza a Sipanala atakhala pa mphasa, atadzikulunga nsalu yake yamaluwa, thupi lili mbuu ndi mankhwala. Patsogolo pawo panali chikwama chotsegula.

“Ndakuchititsani manyazi, mayi,” anatero. “Kasitomala wathawa chifukwa cha ine. Ndipite kwa mwana wanga wamkazi.”

Mayi Simbi anasuzumira m'chikwamamo. Munali zipangizo zawo zakale ndi chipewa basi.

“Pitani,” anayankha. “Koma mathalauza anu onse ali mu mgolo, malaya ali pa chingwe, jekete ndamanga m'thumba. Mukwera basi ndi nsalu yamaluwayi?”

Mkuluyo anadziyang'ana kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Mapewa anayamba kugwedezeka, kenako kuseka kunatuluka, kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri.

“Zikauma ndipita.”

“Zikauma ndizinyowetsanso,” anatero Mayi Simbi, akukankhira chikwama pansi pa tebulo ndi phazi. “Sunthani, ndikolope pamenepo.”