Kafukufuku wa Madzi Wopanda Dzina Lake

Anakumana m'chipinda cha makompyuta cha pa yunivesite, tsiku lomwe makina a mtsikana wina anazima ntchito ili pakati. Mnyamata wa pa tebulo loyandikana, yemwe anzake ankamutcha Magalasi, anamubwereketsa ake n'kumufunsa chimene ankafufuza.

Iye anafotokoza kuti ankapanga madzi a mu kompyuta. Ambiri amangoyerekeza kuti mphamvu ya magetsi ya mu molekyulu, kachidutswa kochepetsetsa ka madzi, sisintha, pomwe zoona zake imapendekera mbali imodzi mamolekyulu ena akayandikira. Zaka ziwiri zathunthu anali akulimbana ndi masamu a kupendekerako.

Magalasi anamvetsera kukamwa kuli yasa. Madzulo ake meseji inalowa: "Kadontho kanga, mutu wakowo ndi wagolide. Sindidzakusiya ngakhale nyanja ziume."

Ndani sakanakomedwa? Anayamba kudyera limodzi masana. Mtsikanayo atauza mchemwali wake kuti wapeza wakumtima, mchemwaliyo anaseka n'kunena kuti alamu olankhula ngati wailesi amafunika kuwayang'anitsitsa. Iye sanalabadire. Magalasi atapempha mafayilo, ati awerenge kuti azimunyadira bwino, anamupatsa onse.

Patapita miyezi itatu, pa bolodi la m'khonde panamatidwa mndandanda wa okalankhula pa msonkhano wa akatswiri. Mutu wa kafukufuku unali wake, liwu ndi liwu. Dzina linali la Magalasi yekha. Mtsikanayo anawerenganso kachiwiri. Kodi si yemweyu ankamupukuta misozi masamu akakana?

Anakalira ku bafa, n'kusukusula, ndipo sanamufunse Magalasi kanthu.

Tsiku la msonkhano anakhala kutsogolo. Magalasi analankhula mothamanga, osamuyang'ana. Kenako pulofesa wina wachikulire anafunsa chifukwa chake manambala sankakula mopanda malire mamolekyulu akathithikana, pomwe kwa ofufuza ena amatero. Magalasi anakanda m'mutu, thukuta lili kamukamu.

Mtsikanayo anaimirira, anatola choko, n'kulemba pa bolodi njira yomwe anaitulukira yochepetsera mphamvuyo.

"Ntchitoyi ndi ya yani, mayi?" anafunsa pulofesayo.

"Ndi yanga, bambo. Makina asunga madeti onse."

Potuluka, Magalasi anamuthamangira m'khonde n'kumugwira dzanja. Anapepesa, ati anachita mantha kuti chaka chitha alibe chake choonetsa.

"Ndinakukondani zenizeni," anatero mtsikanayo. "Mukanangopempha, tikanalemba mayina awiri. Ndisiyeni ndidutse, apulofesa akundidikira."