Mtambo Wopita ku Joni

Winifred ankakhala ku Zolozolo, mu Mzuzu. Ankakonda mitambo chomene. Ankafuna kutumiza mtambo umodzi kwa Adada ake.

Adada anali kutali, ku Joni. Ankagwira ntchito pansi, mu mgodi. Mu mgodi mulibe dzuwa. Mu mgodi mulibe mitambo.

Kale Adada ankajambula mitambo. Anthu ankaseka. "A Stanford, mukutha filimu ndi mitambo!" Adada ankangomwetulira. Pochoka anamusiyira Winifred kamera.

Koma mu kamera munatsala chithunzi chimodzi. Chimodzi chokha basi!

"Tijambule iweyo," anatero Amama. "Adada akufuna kuona mmene wakulira."

"Koma Adada akusowa mitambo," anatero Winifred. Anaganiza, naganiza. "Ndikwera pachulu! Mundijambule pamodzi ndi mtambo."

Lolemba kunali nkhungu. Nkhungu inabisa phiri la Kaning'ina. Inabisa ngakhale chulu. Winifred anadikira.

Lachiwiri kunali mvumbi. Winifred anadikira.

Lachitatu kunabwera kamtambo ngati thonje. Winifred anathamangira kamera. Pobwera anapeza katapita. Mitambo ilibe ulemu, sitsanzika!

Lachinayi unabwera mtambo waukulu. Unali woyera mbee! Unkayenda pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yokhuta.

"Amama, fulumirani!"

Winifred anakwera pachulu. Anakweza dzanja m'mwamba. Amama anagwada pansi. Anali asanagwirepo kamera. Kamera inati khethe!

Anakatsukitsa zithunzi m'tauni. Winifred anayang'ana chithunzi chake. Mayo ine! Nkhope panalibe. Diresi panalibe. Panali dzanja lokha, ndi mtambo.

"Pepa, mwana wanga," anatero Amama. "Ndinalozetsa m'mwamba kwambiri."

Winifred analira. "Adada sandiona!"

Koma chithunzi china panalibe. Anatumiza chomwecho.

Winifred anadikiranso. Mitambo inabwera. Mitambo inapita. Mwezi unatha.

Tsiku lina kalata inafika. Amama anakhala pakhonde. Winifred anawatsamira. Amama anayamba kuwerenga.

"Winifred mwana wanga, yewo chomene. Mtambo wako wafika bwino. Ndaupachika pamwamba pa bedi langa. Ndimauona ndisanatsike mu mgodi. Anzanganso amabwera kudzauona. Dzanjali ndalidziwa. Kachipsera ka pachala kalipobe. Koma iwe! Ndinakusiya ukulekeza m'chiuno mwanga. Lero ukugwira mitambo? Wakuladi!"

Winifred anaseka. Amama anaseka mpaka misozi.

"Amama, werenganinso."

Amama anawerenganso.

Kenako Winifred anathamangira pachulu. Kamtambo kena kankadutsa. Kankalowera kummwera, kumene kuli Joni.

Winifred anakweza dzanja. "Ukawapatse moni Adada!"