Sola ya Pachipatala

Kunyumba kwa a Patrisio, pafupi ndi Fonte Boa, mwana sankagona asanapemphere kolona. Anali makolo abwino, koma anabala nkhutukumve. Mwana wawo woyamba, Natanael, atathawa sukulu ku Ulongwe anayamba kuyenda ndi Gerson, mnyamata wodziwika ndi kuba.

"Mwanawe, musiye Gerson," anatero amayi ake, a Estele. "Chimene munthu wafesa ndicho amakolola."

"Zimenezo muzikanena kutchalitchi, amayi."

Tsiku lina Gerson analoza denga la chipatala chaching'ono cha m'mudzimo. "Waiona sola iyo? Kumalire amagula osafunsa."

"Si imene imayendetsa jeleira yoziziritsira mankhwala ija?" anafunsa Natanael.

"Nanga iwe ukudwala? Za boma zilibe mwini."

Ndalemba dala funso la Natanael lija, kuti wina asadzati mnyamatayu sankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe. Lamulungu, anthu ali ku Misa, awiriwo anakwera padenga n'kuizula.

Anayamba aitengera kwa a Kantilal, Mhindu wokalamba wogulitsa zamagetsi ku Ulongwe. Mkuluyo ataona nthambo zodulidwa ndi chikwanje anapukusa mutu.

"Ichi mwalanda odwala. Kwathu timati karma: ntchito ya munthu siiwala khomo la mwini wake. Inu Akhristu mumati Mulungu amaona. Kabwezeni, ana inu."

"Tamvani, mwenye akutilalikira!" anaseka Gerson. Anakaigulitsa kumalire a Domwe, phindu lonse n'kuthera m'kachasu.

Mvula itafika pachimake, Telma, mlongo wake wamng'ono wa Natanael, analumidwa patsaya ndi galu wachiwewe pochokera kusukulu. A Patrisio anamubereka n'kuthamanga naye kuchipatala.

"Pepani bambo," anatero anamwino. "Katemera wa chiwewe tinali naye, koma yense anawonongeka ataba sola ija. Pitani naye ku Ulongwe."

Mtsinje unali utasefukira, ngolo osawoloka. Pamene madzi ankaphwa, matenda anali atakhazikika kale m'thupi. Telma anayamba kuopa madzi. Ankalira ludzu, koma akaona chikho ankakuwa n'kudziponya pansi, mpaka anamumanga manja ndi chitenje cha amayi ake. Zinali zomvetsa chisoni kosaneneka.

"Achimwene, ndipatseni madzi," anapempha ndi mawu osasa.

Natanael anabweretsa chikho. Mwanayo atangochiona anakuwa, thovu lili kukamwa. Apo mnyamata uja anagwada.

"Atate, amayi, ndine. Sola ija ndinaba ndine."

A Estele anangokhala pansi. A Patrisio sanamumenye. Analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu n'kumuponyera.

"Kukhululuka ukapemphe kwa Mulungu. Kwa ine, ukakumbe manda a mlongo wako. Wekha. Asakuthandize munthu."

Telma anamwalira mawa lake. Natanael anakumba m'matope manja ali magazi, adzukulu ataimirira chapatali akungomuyang'ana. Gerson anali atawoloka kale malire.

Achinyamata inu, musamanamizire Mulungu kuti ndi wankhanza. Galu analuma, inde, koma katemera anawononga ndi mchimwene wake wa mwanayo. Tchimo lako likamabwerera silifunsa amene analichita. Limangolowa m'nyumba mwanu n'kutenga amene umamukonda.